Juzi ya Mkono Umodzi

Mwana wanga wotsiriza timamutcha Katsabola. Ndi wamng'ono, koma amawawa. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Lolemba m'mawa Katsabola anaima pakhomo la khitchini. Anagwira m'chiuno.

"Amayi," anatero, "Agogo anapita ndi ngongole yanga."

"Ngongole yanji, iwe?"

"Mkono."

"Mkono wa ndani?"

"Mkono wa juzi yanga."

Anaikweza m'mwamba juziyo. Inali yobiriwira. Inali yokongola. Koma inali ndi mkono umodzi.

Agogo anali amayi anga. Anamwalira miyezi itatu yapitayo. Anali ndi zaka 94. Anabereka ana asanu ndi awiri. Adzukulu awo anali 23.

Agogo ankaluka. M'mawa ankaluka. Masana ankaluka. M'basi ankaluka. Pamzere wa kuchipatala ankaluka.

Tepi yoyezera analibe. Ankayeza ndi chikhatho. Sankapempha kaye. Ankangokugwira paphewa, n'kuyamba kuyeza.

"Ima bwino, iwe!" ankatero. "Usagwedezeke!"

Mdzukulu aliyense analandira juzi yakeyake. Ya Katsabola inali yomaliza. Agogo analuka kutsogolo. Analuka kumbuyo. Analuka mkono wakumanja. Wakumanzere anangouyamba paphewa. Ulusi unatha. Kenako Agogo anadwala. Singano zolukira zinatsala pomwepo.

Tsopano kunja kunayamba kuzizira. Juzi yakale ya Katsabola inkamuthina. Sukulu inali pafupi kutsegulidwa. Kunatsala sabata imodzi basi.

Ine ndimagulitsa mbale ndi makapu pamsika. Zochedwa sindigwirizana nazo.

"Vuto lake ndi lomweli?" ndinatero. "Bweretsa sizasi. Tidule mkono winawo. Telala apinde m'mphepete. Mawa uvala."

Katsabola anaikumbatira juziyo.

"Ayi, Amayi! Mkono uwu analuka ndi Agogo."

"Ndiye uziyenda ndi mkono umodzi ngati kapu?"

"Ndimaliza ndekha."

"Iwe?"

"Ine."

Sankanama ayi. Kuluka ankakudziwa. Maso a Agogo atafooka, Katsabola ankakhala pambali pawo. Ankawawerengera mizere. Ankawatolera ulusi ukagwa. Ine kuluka kunandikana kalekale. Ndinayesa tsiku limodzi. Ndinataya singano pawindo.

"Chabwino," ndinatero. "Ndikupatsa masiku awiri."

"Khumi."

"Khumi! Ukufuna chifuwa chikugwetse? Atatu."

"Asanu ndi atatu."

"Anayi. Ndipo pamenepa ndaluza."

"Mpaka Loweruka, Amayi."

Ndinamuyang'ana. Iye anandiyang'ana. Sanaphethire. Kaya anatengera ndani mwana ameneyu.

"Loweruka masana," ndinatero. "Ikapanda kutha, sizasi."

"Ikatha, ndivala."

Tinagwirana chanza.

Madzulo ndinadutsira kusitolo. Ndinanenerera mpaka mwini sitolo anatuluka thukuta. Ndinabwera ndi ulusi watsopano. Unali wobiriwira. Unali wonyezimira.

Katsabola anaukhudza ndi chala chimodzi.

"Uwu ndi wa m'sitolo," anatero.

"Nanga umafuna wa m'munda?"

"Agogo sankagula ulusi, Amayi."

Zinali zoona. Agogo sankagula ulusi. Juzi ikamuchepera mwana, ankaimasula. Ulusiwo ankaukulunga. Kenako ankalukira mwana wina.

Masula, kulunga, luka. Masula, kulunga, luka. Ntchito ya Agogo inali imeneyo.

Ulusi wa m'sitolo uja ndinaubweza. Mwini sitolo anakana. Ndinaima pomwepo osasuntha. Anatopa yekha. Anandisinthira ndi sopo.

Lachiwiri Katsabola anapita nane kumsika. Pafupi ndi benchi langa pamaima mabasi. Basi ina amayendetsa ndi achimwene anga. Kwa Katsabola ndi amalume.

Basi itangoima, Katsabola anathamangira pawindo.

"Amalume! Amalume! Sikafu yanuyo analuka ndani?"

"Agogo ako," anatero amalume. "Bwanji, Katsabola?"

Katsabola anawaonetsa juzi ija. Amalume anazimitsa injini. Anatsika. Anavula sikafu ya buluu m'khosi.

"Ulusi uwu ndi wamkulu kuposa ine," anatero. "Poyamba inali juzi ya bambo athu. Bambo anamwalira ine ndili ngati iweyo. Agogo ako anatsala okha ndi ana asanu ndi awiri. Sanalire nthawi yaitali. Anamasula juzi ya bambo. Anandilukira juzi ya kusukulu."

"Kenako?"

"Kenako ndinakula. Anaimasulanso. Analuka sikafu iyi. Anandiveka tsiku lomwe ndinayamba kuyendetsa basi. Anati, 'M'mawa kumazizira. Usandichititse manyazi ndi mamina.'"

Katsabola anaseka.

"Mungandigawireko, Amalume?"

Amalume anakanda m'mutu.

"Pang'ono pokha."

"Theka," ndinatero ine.

"Theka, achemwali?"

"Khosi lanu ndi lalifupi, achimwene. Sikafu yonseyi ndi yachiyani?"

Anthu m'basi anaseka. Amalume nawo anaseka. Anatambasula manja awo awiri kutsogolo.

"Kulunga apa," anauza Katsabola. "Manja awa anagwira ulusi asanagwire chiwongolero."

Katsabola anamasula. Anakulunga ulusi m'manja mwa amalume. Kondakitala anakuwa kuti nthawi yatha. Amalume sanatembenuke n'komwe.

Masula, kulunga, luka.

Koma ulusiwo unavuta. Unali wopotanapotana. Katsabola akaluka, mzere unkakhota. Akalukanso, unkakhotabe.

"Tsiku lapita," ndinatero. "Sizasi ikudikira."

"Tipite kwa amayi aakulu," anatero Katsabola.

Amayi aakulu ndi achemwali anga oyamba kubadwa. Amachapa ndi kusita zovala za anthu. Lachitatu m'mawa tinawapeza akuyanika malaya.

Anaugwira ulusi uja. Anapukusa mutu.

"Mwadumpha ntchito imodzi," anatero. "Ikani ketulo pamoto."

Madzi anawira. Nthunzi inatuluka kukamwa kwa ketulo. Amayi aakulu anadutsitsa ulusi panthunzipo. Pang'onopang'ono. Pang'onopang'ono. Ulusi unawongoka.

"Ee!" anatero Katsabola.

"Ntchito yanga inali imeneyi," anatero amayi aakulu. "Amalume ako ankagwira. Ine ndinkawongola. Agogo ako ankaluka."

"Nanga Amayi ankatani?"

"Awa? Ankathawa."

"Bodza!" ndinatero. "Ndinkatumidwa."

Amayi aakulu analowa kuchipinda. Anatuluka ndi kabulangete koyera ka mwana.

"Aka anafunda mwana wanga woyamba," anatero. "Koma ulusi wake ndi wakale. Chaka china kunazizira koopsa. Tinalibe kanthu m'nyumba. Agogo ako anali ndi juzi imodzi yokha. Inali yoyera. Anaimasula. Analukira ana awiri aang'ono."

"Nanga iwo anavala chiyani?"

"Palibe. Ankapita kuntchito ndi diresi lokha. Tikawafunsa, ankati akumva kutentha."

"Ana awiriwo anali ndani?"

Amayi aakulu anandiloza ndi mlomo.

"Mmodzi ndi uyu. Ndipo ankalira kuti juziyo ikumuyabwa."

Ine nkhani imeneyi sindinkaidziwa. Ndinali wamng'ono kwambiri. Ndinayang'ana ketulo. Nthunzi inandilowa m'maso.

"Tiyeni tifulumire," ndinatero. "Makapu sadzigulitsa okha."

Amayi aakulu anamasula mbali imodzi ya kabulangete. Anampatsa Katsabola mpira wa ulusi woyera.

Masula, kulunga, luka.

Katsabola anakhala kuseri kwa benchi langa. Analuka wa buluu. Unatha. Analuka woyera. Mkono unafika pachigongono.

Lachinayi woyera nawo unatha.

Pakona pa msika pamakhala bambo wosoka nsapato. Ndi wamtali. Salankhula kwambiri. Chipewa chake chachikasu sachivula. Iye anali akumuona Katsabola masiku onsewa.

Anaika nsapato pansi. Anabwera.

"Singano izi ndikuzidziwa," anatero.

"Ndi za Agogo," anatero Katsabola.

"Ndikudziwa, mwana wanga. Ine si m'bale wanu. Koma tamvera."

Anakhala pachidebe.

"Ndinafika pakona apa ndili wamasiye. Ndinalibe mayi. Ndinalibe bambo. Tsiku lina agogo ako anabwera ndi nsapato yong'ambika. Anandimva ndikutsokomola. Sanandifunse dzina. Anangondigwira mutu, n'kuyamba kuyeza."

"Anati musagwedezeke?"

"Anati ndisagwedezeke!"

Onse awiri anaseka.

"Patapita masiku atatu anabwera ndi chipewa. Chikatha, ankabwera ndi china. Ichi ndi chachisanu ndi chimodzi. Masana ankandibweretsera chakudya. Ankaima pomwepo mpaka nditamaliza. Ankati mbale yawo akuifuna."

Anavula chipewa chija. Dazi linawala padzuwa.

"Tenga," anatero.

Katsabola anayang'ana chipewa. Anayang'ana dazi.

"Mutu wanu uzizidwa, bambo."

"Tenga mpendero wokha," ndinatero ine. "Dazilo ulisiyire denga."

Katsabola anamasula mpendero. Chipewa chinatsala chaching'ono. Wosoka nsapato anachivala chomwecho. Chinakhala pamwamba penipeni pa mutu.

Masula, kulunga, luka.

Lachisanu Katsabola anaima mwadzidzidzi. Anakweza mkono wa juzi m'mwamba. Panali kabowo.

"Ndalakwitsa," anatero.

Anayamba kumasula zomwe analuka. Mzere umodzi. Mizere iwiri. Mizere itatu.

"Iwe! Ukubwerera m'mbuyo?" ndinakuwa. "Mawa ndi Loweruka!"

"Pali bowo, Amayi."

"Kabowo kakang'onong'ono. Angaone ndani?"

"Agogo akanaona."

Akanaonadi. Ndi maso ofooka omwewo, akanaona.

Katsabola analukanso. Zala zinamupweteka. Anazipemerera. Analukabe. Dzuwa lisanalowe, ulusi wachikasu unatha.

Anavala juziyo kuti ayeze. Mkono wakumanzere sunafike. Unaperewera zala zinayi.

Loweruka m'mawa sindinapite kumsika. Ndinaika sizasi patebulo.

"Pangano ndi pangano," ndinatero.

"Masana sanakwane, Amayi."

"Ulusi uli kuti?"

Katsabola anakhala pampando. Anaika juzi pamiyendo.

"Amalume apereka," anatero. "Amayi aakulu apereka. Bambo osoka nsapato apereka. Nanga inu?"

"Ine ndilibe kanthu."

"Muli nawo."

"Chiyani?"

"Masokosi ofiira. Ali m'sutikesi, pansi pa bedi."



"Ndani anakuuza kuti uzipisa m'sutikesi mwanga?"

"Sindinapise. Mumawatulutsa nokha. Mumawanunkhiza. Kenako mumawabwezera."

Ana amaona zambiri. Samalani nawo.

"Amenewo ayi," ndinatero. "Sagulitsidwa. Sabwerekedwa. Sagawidwa."

"Chifukwa chiyani, Amayi?"

Ndinakhala pansi. Ndinamuuza.

"Iwe utabadwa, ine ndinadwala. Ndinagona m'chipatala masabata awiri. Mapazi anga ankazizira ngati mwala. Agogo ako anali ndi zaka 86. Tsiku lililonse ankabwera wapansi. Dzanja lina ndodo, dzanja lina fulasiki ya tiyi. Ankakhala pambali pa bedi. Iwe ankakuika pamiyendo. Ankaluka pamwamba pako."

"Pamwamba panga?"

"Pamwamba pako. Ulusi unkakugwera pamphuno. Sokosi yoyamba itatha, anandiveka. Yachiwiri itatha, anati, 'Basi, dzuka. Mwana akukufuna.' Ndipo ndinadzuka."



"Anali amayi anga," ndinatero. "Chomwe ndatsala nacho ndi chimenechi."

Katsabola anayang'ana juzi. Anayang'ana sizasi. Anandiyang'ana ine.

"Amayi, masokosiwo ndi angati?"

"Awiri. Bwanji?"

"Ndipatseni onse awiri."

"Wapenga? Ngakhale kaulusi kamodzi, ayi."

"Imodzi ndi theka."

"Chala chokha cha sokosi."

"Imodzi, Amayi. Imodzi yanu, imodzi yanga."

"Ndiye phazi linalo?"

"Simuwavala. Mumangowanunkhiza. Mphuno muli nayo imodzi."

Ndagulitsa pamsika zaka makumi awiri. Palibe anandigonjetsapo chotere.

Ndinakoka sutikesi. Ndinatulutsa masokosi aja. Ndinasankha yakumanzere. Ndinaimasula ndekha, ndi manja angawa. Ketulo ndinaika pamoto ndekha.

"Pang'onopang'ono, Amayi," anatero Katsabola.

"Ndikudziwa!"

"Mukuthamanga."

Ndinachepetsa liwiro. Ulusi wofiira unawongoka. Ndinaukulunga. Mpira wake unali wokhota, koma unali mpira.

Masula, kulunga, luka.

Katsabola analuka. Ine ndinamugwirira mpira. Ndinamuwerengera mizere. Kuwerengera ndiye ndimakutha.

"Umodzi. Iwiri. Itatu. Fulumira, iwe."

"Musandisokoneze, Amayi."

Dzuwa linakwera. Mthunzi wa nyumba unafupika. Kunja kunamveka hutala ya basi. Amalume analowa ndi sikafu yawo yaifupi. Amayi aakulu analowa pambuyo pawo. Wosoka nsapato anaima pakhomo, kachipewa kali pamutu.

"Lowani, bambo," ndinatero. "Ulusi wanu uli kale m'nyumba muno."

Analowa. Tonse tinazungulira tebulo. Singano zokha ndi zomwe zinkamveka. Tiki, tiki, tiki.

Amayi aakulu anamuonetsa Katsabola kutseka mzere womaliza. Katsabola anatseka. Anamanga mfundo. Anasolola singano.

"Yatha!" anakuwa.

Amalume anayang'ana wotchi.

"Masana sanakwane," anatero. "Kwatsala pang'ono."

Katsabola anavala juzi yake. Mutu unatuluka. Dzanja lamanja linatuluka. Lamanzere linachedwa.

Mkono wakumanja unali wobiriwira wonse. Wakumanzere unali wobiriwira paphewa. Kenako wa buluu. Kenako woyera. Kenako wachikasu. Kumapeto wofiira.

"Apa ndi ine," anatero amalume.

"Apa ndi ine," anatero amayi aakulu.

"Ine ndili apa," anatero wosoka nsapato.

Ine ndinangogwira pofiirapo.

"Ima bwino, iwe," ndinatero. "Usagwedezeke."

Ndinayeza ndi chikhatho. Ndinayeza mkono wakumanja. Ndinayeza wakumanzere. Ndinayezanso.

Wakumanzere unali wautali. Unaphimba dzanja lonse. Nsonga za zala zokha ndi zomwe zinkaoneka.

"Tinawerengera molakwika, Amayi?" anafunsa Katsabola.

"Ine sindilakwitsa kuwerengera."

"Nanga bwanji watalika?"

"Ukumva kutentha?"

"Kwambiri."

"Ikukuyabwa?"

"Ayi."

"Ndiye ngongole yatha," ndinatero. "Agogo ako abweza yonse. Kotsalako ndi basela."

Katsabola anakweza dzanja lamanzere. Anatibayibitsa tonse ndi basela wake.